Kodi a Nthara ankalemba mbiri kapena ankapeka?

Nachisale wa ku 25
Moni nonse pagulu. Funso langa likupita kwa amene munawerengako mabuku a Samuel Josiah Nthara, makamaka akuluakulu. Ndikulemba nthano yaitali yochitikira cha ku Dowa m'zaka za m'ma 1890, nthawi ya Angoni a Chiwere, azungu a mishoni atangofika kumene ku Mvera. Zaka ndi mayina a mafumu ndikuzipeza m'mabuku. Koma zimene anthu ankayankhulana pabwalo, kapena zimene mayi ankaganiza pothawira kuphiri mwana ali kumsana, palibe anazilemba. Ndiye ndimapeka, ndipo ndikapeka mtima sukhala m'malo, ndimaona ngati ndikunamiza anthu. A Nthara ankatani akafika pamenepa? Ankalemba zokhazo zimene anauzidwa, kapena ankathirako zawo?

Mfana wa ku Biwi
Nthara wa Nthondo uja? Sisi mwandikumbutsa mavuto a Fomu 4. Ife tinkangoloweza kuti ampangankhani ndi ndani, phunziro lake ndi lotani, mayeso atangotha buku ndinagulitsa 😂

Aphunzitsi Opuma
Iwe wa ku Biwi, buku unagulitsalo ndi lalikulu kwa agogo ako. Linatuluka mu 1933, a Nthara ali ndi zaka 28 zokha, pakuti anabadwa mu 1905. Anali mphunzitsi wa mishoni ya a Dutch, imene likulu lake linali ku Nkhoma. Bungwe lina la ku London, International Institute of African Languages and Cultures, linkachititsa mpikisano wolemba m'zinenero za mu Africa muno, ndipo Nthondo anapata mphoto kumeneko. Mu 1934 a Cullen Young, amene anagwirapo ntchito ya umishonale ku Livingstonia, analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa. Mawu otsogolera analemba Julian Huxley, yemwe uja anadzakhala mkulu woyamba wa UNESCO. Mphunzitsi wa kumudzi, manja ali mbuu ndi choko, buku lake likuwerengedwa ku Mangalande.

Tsono kwa inu a Nachisale. A Nthara anachita zonse ziwiri. Nthondo munthuyo sanakhaleko. Anamuumba okha kuchokera pa zimene ankaona ndi kumva m'midzi, n'kumuyendetsa kuyambira kubadwa, unyamata wake wovutitsa uja, ufumu, mpaka kumanda. Koma Msyamboza, amene anamulembera buku lina, anali munthu weniweni, mfumu ya ku Chibanzi ku Dowa, kufupi ndi Kongwe. Anamwalira a Nthara ali kale wamkulu, ndipo amene anadya naye nsima anali akadali moyo pamene bukulo linkalembedwa. Mabuku awiriwa muwawerenge motsatizana. Mudzadabwa kuti lopekalo ndi lenilenilo akuyenda mofanana.

Nachisale wa ku 25
Zikomo kwambiri bambo. Msyamboza ndimangomumvera m'mabuku a ena. Ndinalowa m'sitolo ina ya mabuku m'tauni muno kukafunsa, mtsikana wa pakauntala n'kundifunsa ngati limenelo ndi buku la mapemphero.

Wa Mbiri
Limenelo ndi losowa zedi. A Cullen Young omwewo analimasulira n'kulitulutsa mu 1949 ndi dzina loti Headman's Enterprise, ndiye pofufuza muzifunsa mayina onse awiri.

Koma ndiwonjezerepo pa zimene anena aphunzitsi. Mukamawerenga Msyamboza mupeza anthu akuyankhulana, uyu wanena ichi uyu wayankha icho, pa zinthu zimene zinachitika a Nthara asanabadwe. Panalibe wojambula mawu pabwalo la Chibanzi. Ndiye kuti mawu amenewo anawaika m'kamwa mwa anthuwo ndi wolemba. Chimene sanapeke ndi mafupa a nkhani: kuti munthuyu anakhalako m'nthawi ya nkhondo za Angoni ndi malonda a minyanga, kuti anali ndi mfuti, kuti anapalana ubwenzi ndi amishoni a ku Kongwe, kuti anatchuka ndi ulimi wachilendo kuderalo. Mnofu ndi wa a Nthara. Ndiye inu chemwali musadzione wabodza. Pamene muyenera kusamala ndi pa mafupapo.

Wakudambwe
Ine mundilole ndisokoneze pang'ono. Vuto langa si zokambirana zopekazo ayi. Vuto langa ndi mathero. Munthu abadwe, abe, amwe mowa, avute, kenako belu lalira, wabatizidwa, wasanduka munthu. Nthondo amathera pomwepo, Msyamboza amatheranso pomwepo. Kodi m'dziko lonse la Achewa munalibe mfumu imodzi yanzeru imene inafa ili yosabatizidwa, yoti n'kuilembera buku?

Tisanamizanepo apa. Makina osindikizira anali a ndani? Malipiro a mphunzitsiyo ankachokera kuti? Womasulira anali ndani? Onsewo ndi a mishoni. Ndipo musaiwale kuti zaka za m'ma 1920 m'chigawo chapakati chino kunali kulimbana koopsa pakati pa nyau ndi sukulu za mishoni, a Dutch ndi Akatolika omwe. Ana kukanganirana, uku akuti apite kudambwe uku akuti apite kukalasi. Buku lotuluka mu 1933 m'manja mwa mbali imodzi ya mkangano umenewo, mukuti likanatha bwanji?

Mfana wa ku Biwi
Eee zayambika. Dikirani ndigule bandulo.

Aphunzitsi Opuma
A Wakudambwe, zoti makina anali a mishoni sindikana. Koma mukuyankhula ngati a Nthara anali kapolo wogwidwa dzanja kuti lemba ichi. Munthuyu anali Mkhristu wokhulupirira, anakulira momwemo, anaphunzira momwemo. Pamene ankalemba kuti Nthondo anatembenuka mtima, ankalemba chinthu chimene iye mwini ankachiona kuti ndicho chimaliziro chabwino cha moyo wa munthu. Mu 1964 analembanso mbiri ya Namon Katengeza, mmodzi mwa abusa oyamba achikuda a ku Nkhoma. Dziko linkalandira ufulu chaka chimenecho, panalibe mzungu womukakamiza. Inu mukhoza kutsutsana nacho chikhulupiriro chake, koma musamulande chifuniro chake.

Komanso ndani wina wa nthawi imeneyo anakhala pansi n'kulemba m'chinenero chathu momwe mwana amabadwira, momwe maliro amayendera, momwe mlandu umazengedwera, momwe ufumu umalowedwera? Akanakhala wodana ndi mwambo sakanataya inki yake pa zimenezo.

Wakudambwe
Bambo, sindinati ankadana ndi mwambo. Ndikuti ankaulemba ngati munthu amene watsanzikana nawo. Amaufotokoza bwino, inde, koma ali kale tsidya lina la mtsinje.

Wa Mbiri
Pamenepo a Wakudambwe mwanena zomveka, ndipo kwa munthu wofufuza zakale nkhani yake ili pomwepo. Ine ophunzira anga ndimawauza kuti mathero a Nthondo n'ngodziwikiratu, ngakhale mwana wa Sande sukulu akhoza kuwalosera. Chuma chili pakatipa, pamene wolemba waiwala zolalikira n'kumangoonetsa mudzi uli pa ntchito yake: ndani ali ndi mphamvu pa mwana pakati pa bambo ndi malume, munthu wakuba amamutani, njala ikagwa anthu amalowera kuti, mnyamata amachokeranji pamudzi kukafuna ntchito kutali. Zimenezo a Nthara sankazilemba kuti atsimikizire wina aliyense kanthu. Kwa iye zinali zinthu wamba zodziwa aliyense, n'chifukwa chake ndimazikhulupirira kuposa ulaliki wa kumapeto.

Mzukulu wa Maseko
Ndakhala ndikungowerenga, koma a Nachisale mwatchula Angoni ndiye ndilowepo. Chonde m'nthano yanuyo musatisandutse zilombo zongotulukira m'tchire ndi nthungo. M'mabuku ambiri Mngoni amangobwera kudzawotcha mudzi n'kupita, alibe mkazi, alibe mwana, sadwala, saseka. Nkhondo zinaliko, palibe akukana, ndipo anthu anavutika. Koma Chiwere yemweyo ndiye analola A.C. Murray ndi Vlok kukhazikitsa mishoni ku Mvera mu 1889. Pansi pa Chiwere panali Achewa ambirimbiri, anakwatirana nawo, mpaka Angoni a kumeneko chinenero chawo chinatha, lero akuyankhula Chichewa. Pofika 1890 panali patadutsa zaka zoposa 50 chiwolokere Zwangendaba mtsinje wa Zambezi mu 1835. Ambiri mwa ankhondo amene ankatsika kukagwira anthu anali obadwira konkuno, ena amayi awo Achewa, ena ogwidwa ali ana n'kukulira m'gulu la nkhondo. Mnyamata woponya nthungo pa mudzi wa amalume ake enieni osadziwa, nkhani si imeneyo?

Nachisale wa ku 25
Achimwene, mwandipatsa mutu wathunthu. Ndinali ndi mnyamata wina m'nkhanimo amene sindimadziwa chochita naye, tsopano ndadziwa kwawo.

Koma ndifunsenso. Za akapolo ndizilembe bwanji? Mfumu ya m'nthano yangayi ndikufuna owerenga aikonde, koma ndikawerenga za nthawiyo ndikuona kuti mfumu yokhala ndi mfuti sinkazipeza ndi mapemphero.

Wa Mbiri
Musaibise. Njira yake inali yodziwika: Jumbe anali ku Nkhotakota kuyambira zaka za m'ma 1840, zombo zake zinkawolotsa minyanga ndi anthu kupita tsidya la nyanja, ulendo wa ku Kilwa. Mfumu ya kumtunda yofuna mfuti za gogodela, onga, nsalu ndi mikanda inkapereka minyanga, ndipo nthawi zambiri inkaperekanso anthu: ogwidwa pankhondo, opalamula milandu, ena operekedwa ngati dipo. Wopanda mfuti ankagwidwa yekha. Ndiye mfumu imene anthu ake ankaitama kuti yatiteteza, mudzi woyandikana nawo unkaitemberera. Mukalemba mfumu ya mfuti khumi koma manja ali oyera, wowerenga wodziwa adzatseka buku.

Zaka zimene mwasankhazo zinthu zinkasintha mothamanga. Dziko linakhala pansi pa Angerezi mu 1891. Mwase Kasungu anagonjetsedwa kumapeto kwa 1895. Gomani anaphedwa mu 1896, Mpezeni anagonja mu 1898. Kongwe anatsegulidwa mu 1894, Nkhoma mu 1896. Kenako msonkho wa nyumba. Munthu amene anali ndi zaka 30 mu 1889 anaona zonsezi asanamere imvi. Koma kumbukirani kuti iye sankadziwa kuti ndi 1896, sankadziwanso kuti azungu apambana. Mzungu wa ku Mvera kwa iye anali mlendo mmodzi mwa alendo ambiri, mwina wofooka kuposa Jumbe. Olemba ambiri amagwa pamenepa, anthu awo amayankhula ngati anawerenga kale buku la Sitandade 7.

Mayi a Thoko
Inu azibambo mwatchula mafumu, mfuti, zaka. Mayi uja wathawira kuphiri ndi mwana kumsana mwamusiya komweko.

A Nachisale, agogo anga aakazi anali a cha ku Nkhoma, kwa Mazengera, kumene anthu ankakhala pamwamba pa phiri kuopa nkhondo. Zimene anamva kwa agogo awo sizinali za mafumu. Ankanena za madzi. Amayi ankatsika kukatunga kusanache, mtsuko pamutu, osayankhulana, ndipo wa mwana wolira ankamusiya kumtunda ngakhale mawere akuwawa. Kumunda ankapita wina atakhala pathanthwe kuyang'ana kuchigwa. Kusinja ankasinja masana okhaokha mphepo ikuwomba, chifukwa mtondo umamveka kutali usiku. Moto wa madzulo ankausonkha kuseri kwa mwala. Ndipo chimene agogo ankabwereza kawirikawiri n'chakuti mbewu ankaisunga m'kansupa kakang'ono kamene mayi ankagona nako, poti mukathawa nkhokwe imatsala koma mbewu isatsale.

Zotere simudzazipeza ku Zomba kosungira zakale kuja. Muzifunse kwa azimayi okalamba, ndipo mufulumire.

Nachisale wa ku 25
Mayi, ndawerenga kawiri. Kansupa kameneko ndikupempha ndikatenge.

Mayi a Thoko
Tengani, agogo sangakulipiritseni. Ndipo musaiwale kuti mudziwo ndi wa mbumba. Mwamuna ndi mkamwini, wobwera. Nkhani ikamachitikira m'mudzi wa Achewa wa nthawi imeneyo koma zonse akulamula ndi bambo wa ana ngati banja la ku Area 47, ndiye kuti mwalemba za lero mutaziveka nyanda.

Aphunzitsi Opuma
Mayi a Thoko anena zoona. Ndipo a Nthara sanawaiwale amayi, analembanso buku lotchedwa Nchowa, la moyo wa mzimayi, limene linatuluka mu 1949. Kungoti ndi losowa ngati Msyamboza yemwe.

Za kafunsidwe ka okalamba ndikuuzeniko pang'ono, poti ndinayendako m'midzi ndi ana asukulu. Musafike ndi foni m'manja n'kunena kuti agogo tiuzeni mbiri. Mukatero adzakhosomola, adzakhala tsonga, n'kuyamba kukulakatulirani mndandanda wa mafumu, kapena adzati dikirani tiitane amfumu. Pitani ndi kashuga ndi sopo, khalani pamphasa, thandizani kutong'ola chimanga. Funsani kuti amayi awo ankaphikira chiyani, mchere ankaupeza kuti, khasu loyamba la kusitolo analiona liti, chipsera chili pamwendocho chinabwera bwanji. Tsiku loyamba mudzabwerako ndi zochepa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ulendo wachiwiri adzakuuzani okha zimene simunafunse, ndipo zimenezo ndiye zolemba.

Mfana wa ku Biwi
Koma aphunzitsi, agogo amene anaona 1890 alipo? Ngakhale ana awo anatha kale.

Aphunzitsi Opuma
Anatha, n'chifukwa chake ntchito ya a Nachisale ndi yovuta kuposa ya a Nthara. Iwo ankafunsa anthu amene anathawa nkhondo ndi miyendo yawo. Lero mukufunsa mdzukulu wa mdzukulu.

Wa Mbiri
Ndipo pali msampha wina umene anautchera ndi a Nthara omwewo mosadziwa. Buku lawo la Mbiri ya Achewa linatuluka koyamba m'zaka za m'ma 1940, la Chingerezi lake mu 1973. Anayenda kufunsa akuluakulu za Kalonga, za a Phiri ndi a Banda, za ulendo wochokera ku Uluwa, za Kaphirintiwa, Mankhamba, Msinja ndi Makewana, za Undi, Mwase, Mkanda ndi ena. Ntchito yaikulu, ndipo aliyense wolemba za Amaravi amadutsirapo. Koma bukulo linalowa m'sukulu ndi m'nyumba za aphunzitsi ndi akulu a mpingo. Ndiye lero ukapita kumudzi kukafunsa nkhalamba kuti Achewa anachokera kuti, imakuuza mwadongosolo bwinobwino, iwe n'kusangalala kuti ndapeza umboni wa pakamwa wogwirizana ndi buku. Chonsecho nkhalambayo ikukubwezera buku lomwelo, inaliwerenga ili mwana kapena inamva kwa amene anawerenga.

Kale mudzi uliwonse unali ndi kafotokozedwe kake, kena kotsutsana ndi ka anzawo. A Nthara pofuna kuti nkhani iyende anasankha, analumikiza, anasalaza. Zimene anasiya zambiri zinapita ndi eni ake. Zimene anasankha zinasanduka mbiri ya tonse.

Mzukulu wa Maseko
Zimenezo ndinazionapo ndi maso. Kwathu kuchikazi kunali mlandu wa ufumu, mabanja awiri kulimbirana. Mkulu wina anafika pabwalo ndi buku lakale lokutira ndi pepala la shuga, masamba ali bii, n'kumawerenga mokweza kuti dzina la agogo awo lilimo. A mbali inayo analibe buku, anali ndi nkhalamba ziwiri zokha. Anthu ankamvetsera pepala kuposa nkhalambazo.

Wakudambwe
Mwaonatu. Ndiye mukamati kupeka n'kosalakwa bola mafupa akhale oona, ine ndikuti ngakhale mafupawo anasankha ndi munthu, ndipo munthuyo anali ndi mbali yake. A Nachisale, inunso muli ndi mbali. Mumapemphera kuti? Musayankhe pagulu, mudziyankhe nokha musanalembe za gule. Ngati mudzalembe nyau ngati zinthu zoopseza ana basi, kapena ngati zovina pamsonkhano wa ndale, kuli bwino muzisiye. Pamaliro a mfumu ya nthawi imeneyo gule sanali zosangalatsa anthu, ndiye ankaperekeza mzimu. Ndipo pali zina zoti munthu wosalowa sangazilembe, ngakhale wolowa sayenera kuzilemba.

Nachisale wa ku 25
Ndayankha mumtima monga mwanenera 😅 Zakudambwe sindilowako, sindikuzidziwa ndipo si zanga. Ndidzalemba zimene mayi woima pabwalo ankaona ndi kumva: fumbi, ng'oma, nyimbo zimene amayi amayankha, mantha ndi chimwemwe pamodzi. Mayi wanga uja maso ake ndi amenewo.

Wakudambwe
Pamenepo tagwirizana. Nyimbo za amayi zokhazo zikukwanirani buku.

Adimini
Ndikukumbutseni abale, nkhani ya chipembedzo tiiyendetse mwaulemu monga mwachitiramu. Mwezi watha tinachotsa anthu awiri.

Mlongo wa ku Kawale
Ine ndili ndi funso la chinenero. Anthu a 1890 aziyankhula Chichewa chiti m'buku la lero? Mukalemba chakale chenicheni ana a ku Biwi sadzamva. Mukalemba cha m'minibasi zidzaseketsa.

Mfana wa ku Biwi
Bwanji mukutchula ife 😂 Koma zoona, mu Nthondo munali mawu ena oti mpaka aphunzitsi athu ankakafunsa kwa anzawo ku stafu.

Aphunzitsi Opuma
Lembani Chichewa choyera chimene agogo a kumudzi amayankhula lero, chokwanira. Chofunika ndi kuchotsa zimene kunalibe. Munthu wa nthawi imeneyo asanene za maola kapena mphindi, anene za dzuwa, tambala woyamba, nthawi yomasula mbuzi. Asawerenge mtunda ndi mamailosi, awerenge ndi tulo togona panjira. Asamwe tiyi. Chimanga chinalipo kale, musachichotse, koma mapira ndi mawere zikhale pafupi. Nsalu ikhale chuma cha ochepa, ambiri avale nyanda ndi zikopa. Khasu lichokere ku ng'anjo, kwa wosula, ndipo likatha lisatayidwe. Ndiwo athire chidulo. Mudzi wa m'chigwa ukhale ndi linga.

Ulemu ndiye musaphonye. Mkamwini sayankhula ndi apongozi ake maso ndi maso. Mfumu siyankha mlandu yokha nduna zili pomwepo. Munthu wamkulu satchulidwa dzina wamba, amatchulidwa ndi mfunda. A Nthara zimenezi sankalakwitsa chifukwa ankakhala momwemo. Inu muyenera kuchita kuziphunzira.

Wa Mbiri
Kanthu kena kapambali, poti tatchula a Cullen Young. Ndi omwe aja anamasulira ndi kukonza buku limodzi ndi Kamuzu, Our African Way of Life, mu 1946, Kamuzu ali dokotala ku Britain. Ndiye onani mmene zinthu zinalukanirana: womasulira Nthara ndi mnzake wa munthu amene anadzakweza Chichewa kukhala chinenero cha dziko mu 1968. A Nthara anamwalira mu 1976, anaziona zimenezo, anaonanso likulu likusamukira ku Lilongwe kuno mu 1975. Munthu wobadwa boma la Lilongwe lili kamudzi ka nyumba zowerengeka.

Mlongo wa ku Kawale
Nanga bwanji sitimva dzina lawo pa msewu kapena pa sukulu? Ana amangowadziwa ngati funso la mayeso.

Wakudambwe
Misewu ndi ya andale, mlongo.

Mayi a Thoko
Ine msewu ndilibe nawo ntchito, angosindikizanso mabukuwo. Nthondo akupezeka paliponse chifukwa cha mayeso, ngakhale kwa anyamata oyala mabuku pansi ku Old Town. Enawo ndiye zii. Ndipo achinyamata olemba ngati a Nachisalewa akamaliza adzasindikiza kuti? Aliyense akufuna buku loti lilowe pa silabasi, apo ayi ulipire wekha.

Nachisale wa ku 25
Limenelo ndi phiri lina mayi, ndidzalikwera ndikafika. Panopa ndili pa mutu wachisanu ndi chimodzi.

Koma a Wa Mbiri mwandisiya ndi nkhawa ina. Ngati buku la a Nthara linalowa m'kamwa mwa nkhalamba, ndiye kuti zanga zopekazi tsiku lina wina adzaziwerenga pabwalo la milandu. Ndikuganiza zosintha mayina a midzi ndi mafumu ang'onoang'ono kuti akhale opeka, ndisiye enieni okhawo odziwika ngati Chiwere, Jumbe ndi Murray, ndipo amenewo azingodutsa chapatali osayankhula zambiri. Kumapeto ndiikeko tsamba lonena kuti izi zinachitikadi, izi ndapeka.

Wa Mbiri
Tsamba limenelo liikeni kutsogolo. Amalawi sitifika kumapeto kwa buku.

Mzukulu wa Maseko
Ine ndikutsutsako pa Chiwere. Mukamusiya chapatali osayankhula abwereranso kukhala chithunzi choopsa chija ndimakana. Mulowetseni pabwalo, ayankhule, akangane ndi nduna zake ngati amulole mzunguyo kapena ayi. Mkangano wotero sungalephere kukhalapo.

Wa Mbiri
Ukhoza kukhalapo, koma zidzukulu zake zilipo ndipo ufumuwo ulipo mpaka lero. Mawu amene mungamuike m'kamwa adzawatenga ngati ananenadi. Ine ndikanalemba mkanganowo kudzera mwa munthu wopeka amene anaima kumbuyo kwa bwalo, wamva theka, theka lina wauzidwa ndi mnzake pamowa.

Mzukulu wa Maseko
Ndiye kuti Mngoni azimveka kudzera m'khutu la Mchewa woledzera? 😂 Ayi ndithu, a Nachisale mumuike mnyamata wanga uja pabwalopo, amve yekha.

Nachisale wa ku 25
Mnyamata "wanu" kale? Chabwino, akhalapo. Aphunzitsi, kodi Msyamboza muli naye kunyumba? Ndayesa ku laibulale ya ku City Centre sabata ino koma ndikufuna loti ndikhale nalo nthawi.

Mfana wa ku Biwi
Aphunzitsi mungolijambula ndi foni mutiponyere pagulu pano tonse tiwerenge.

Adimini
Mabuku ojambula pagulu pano ayi, lamulo lija silinasinthe.

Aphunzitsi Opuma
Ndili nalo la Chichewa, lopanda chikuto, masamba awiri oyamba anadya chiswe. Koma silituluka m'nyumba muno. Mbiri ya Achewa ndinabwereketsa munthu wa kumpingo ndipo mpaka lero tikungopatsana moni. Mukafuna bwerani Loweruka mudzawerengere pakhonde, ndili cha ku Nathenje, ndikulozerani njira kumbali. Mubwere ndi kope ndi cholembera. Mukatha apo mukhoza kupitirira pa Kamphata n'kukhotera ku Nkhoma, mukaone phirilo ndi maso musanalembe za mayi wanu uja, chifukwa mmene mwafotokozeramo ndikuona ngati mukuliyesa chulu.

Wakudambwe
Loweruka ndili ndi maliro a chiliza ku Mitundu, apo ayi ndikanabwera kuti tidzapitirize ndi aphunzitsi za mathero aja. Sindinagonje.

Aphunzitsi Opuma
Bwerani Loweruka linalo, mpando ulipo. Iwe wa ku Biwi ubwerenso, udzawerenge mokweza, maso angawa atopa.